Malangizo kwa Wokagona ku Sandton

Munthu amene wakhumba kukagona ku Sandton, dera la anthu achuma la kumpoto kwa Johannesburg, kumene msika wa masheya wa dziko la South Africa unasamukira m'chaka cha 2000, adziwe asananyamuke kuti malowo anamangidwira eni magalimoto ndi eni makiyi, ndipo mlendo wofika chofikafika amatha tsiku ali chilili kunja kwa mpanda.

Choyamba, pezeranitu pogona mukali kwanu. Popeza ambiri ogona m'mahotela akumeneko ndi amalonda obwerera kwawo Lachisanu, mitengo imakonda kutsika Loweruka ndi Lamulungu. Funsani ngati ali ndi jenereta, pakuti magetsi amazima ngakhale kwa olemera. Mugulenso adaputa, chifukwa pulagi yathu ya mano aphwatalala silowa m'masoketi awo a mabowo ozungulira. Ngati muli kupita mu Juni kapena Julaye, musasiye jekete.

Mukatera pa bwalo la ndege la O.R. Tambo, musamvere aliyense wokukokani chikwama, koma kwerani sitima ya Gautrain, imene inayamba kuyenda mu 2010, ndipo idzakutulani ku Sandton m'mphindi ngati 15. Obwera pa basi aikwere ku Park Station, kudzera ku Rosebank.

Nkhani yaikulu ili pa chipata. Nyumba zambiri zili m'malinga okhala ndi waya wamagetsi pamwamba, ndipo mlonda, ngakhale mutamulonjera mwaulemu wotani, sadzakutsegulirani kufikira mwini nyumba atamuuza za inu kapena atakutumizirani nambala yolowera. Pemphani nambalayo dzulo lake, sungani pasipoti pafupi, ndipo musakwiye pofunsidwa dzina kawiri, pakuti kwa eni kulibe mkuwe. Usiku musayende pansi, kungakhale pafupi. Itanani galimoto pa foni.

Masana kaoneni masitolo a Sandton City, otsegulidwa mu 1973, ndi chifanizo cha mkuwa cha Mandela, chotalika mamita 6, pa Nelson Mandela Square. Mukadya mu lesitilanti, onjezerani wokutumikirani gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa chakudyacho. Kumeneko kusatero n'kuuma manja.

Koma chimene ine ndiyesa choposa zonse ndi ichi. Tsidya lina la msewu wa M1 kuli Alexandra, kumene m'bandakucha kumatuluka khamu la osesa, ophika ndi alonda amene amaukongoletsa Sandton, ndipo pakati pa othirira maluwa m'mayadi a ku Sandton muli ana akwathu ambiri, a ku Mzimba, Nkhata Bay ndi Mangochi, obwera kudzafuna maganyu ku Joni. Mukamva wina akung'ung'udza nyimbo ya kwathu kuseri kwa mpanda, musapitirire ngati simunamve. Imani, mumupatse moni, mumuuze mmene mvula yagwera chaka chino.