DZIMBIRI LOFUFUZA MANKHWALA M'MADZI

Anzanga, pa chuthi cathaci ndinaperekeza azakhali anga ku cipatala ca Bwaila ku Old Town kukatenga mapiritsi a amitriptyline. Iwo anadwala nthenda ya kukhumudwa atamwalira amuna ao. Ena pa sukulu pano amati imeneyi ndi misala. Iai, ndi nthenda monga zina, ndipo imacizika. Tsono tikuoloka mlatho wa Lilongwe pobwerera, ndinadzifunsa kuti, kodi mankhwala onse amene anthu amamwa mu mzinda uno amathera kuti?

Aphunzitsi athu a sayansi ndiwo anandimasulira. Mankhwala sathera onse m'thupi; ena amaturuka ndi mkodzo. Zonyansa za m'mipope ya ku City Centre ndi maeriya ena zimapita ku maiwe a ku Kauma, ndipo madzi ace amatsikira mu mtsinje wa Lilongwe. Maiwe otere sacotsa mankhwala onse. M'caka ca 2022 akatswiri otsogozedwa ndi yunivesite ya York anaulutsa zimene anapeza atayesa mitsinje 258 m'maiko 104, ndipo yambiri inali ndi mankhwala a m'cipatala. Ena, monga fluoxetine, amasintha makhalidwe a nsomba.

Nanga tingadziwe bwanji kuti mankhwalawo alimo, popeza maso sangawaone? Makina akulu oyesera alipo, koma mtengo wace ngwoopsa. Cifukwa cace ena akukonza kacipangizo kakang'ono kokhala ndi timitengo titatu topitamo magetsi, tochedwa maelekitirodi. Kamodzi nkamakala, ngakhale mtima wa pensulo utha kugwira nchitoyi. Pa kameneka amapakapo fumbi la citsulo cimene caphatikana ndi mpweya wa okosijeni. Dzimbiri limene timanyoza pa khasu ndi mtundu umodzi wa fumbili. Lina licokera ku mkuwa kapena ku zinki.

Apa ndi pamene panandikondweretsa. Akabviika timitengoto m'madzi ndi kuyatsa magetsi, mankhwala okhudza fumbi lija amataya maelekitironi ace, ndipo magetsi oyenda m'waya amaonjezeka. Mankhwala akacuruka, magetsinso acuruka. Poŵerenga magetsi tadziwa muyeso wa mankhwala. Fumbilo liyenera kukhala losalala koposa ufa woyera, timbewu tace toyesedwa m'mananomita, ndiko kuti milimita imodzi yogawidwa zigawo 1,000,000. Taganizani za shuga: wosalala asungunuka msanga m'tiyi koposa cibuluma, pakuti madzi amkhudza ponseponse. Momwemonso fumbi losalala lipatsa mankhwala malo ambiri okhudzapo, ndiponso lifulumiza maelekitironi.

Cobvuta ncakuti panado ndi vitamini C nazonso zimataya maelekitironi, tero kacipangizoko kangathe kunamizidwa. Zambiri za zipangizozi zikali m'nyumba zoyesera za mayunivesite.

Ndinapempha aphunzitsi kuti tiyese ndi pensulo, batire ndi msomali wadzimbiri. Iwo anaseka nati, "Mwanawe, magetsi amenewo ngocepetsetsa, muvi wa mita yathu sungagwedezeke nkomwe."