Phunziro la Mwezi Uno: Kombe, Ulembe Umene Udasanduka Mankhwala

Alimi anzanga a ku Chikwawa ndi Nsanje, mwezi uno tipumeko pang'ono pa nkhani ya thonje, tiphunzire za kombe, mtengo wa m'tchire mwathu momuno umene udatchukitsa chigwa chino mpaka ku Ulaya. Mbiri yake ili ndi phunziro kwa mlimi aliyense amene amapita ndi mbewu ku msika.

Kombe ndi mtengo woyanga umene umakwera pa mitengo ina. Zipatso zake zimabala ziwiriziwiri ngati nyanga za ng'ombe, ndipo zikauma zimang'ambika, njere nkumauluka ndi mphepo. Makolo athu Amang'anja ankasinja njerezi ndi kupaka pa mivi. Umenewu ndiwo ulembe. Nyama ikalasidwa siinkapita kutali, ndipo alenje ankadula ndi kutaya mnofu wa pa bala, yotsalayo nkudya.

Mu 1859 Dr. David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire pamodzi ndi Dr. John Kirk, katswiri wa zomera, nafika m'mudzi wa Chibisa pafupi ndi Chikwawa. Kirk adasunga kombe m'thumba momwe munalinso mswachi wake. Potsuka mano adamva kuwawa m'kamwa, ndipo adaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Apo adazindikira kuti ulembewo umagwira mtima.

Njere zidatumizidwa ku Britain. Mu 1885 Dr. Thomas Fraser wa ku Edinburgh, atazipima kwa zaka zambiri, adauza madokotala anzake kuti m'njeremo muli mankhwala otchedwa strophanthin. Mankhwalawa akakhala ochepa amathandiza mtima wofooka kupopa magazi mwamphamvu ndi mosathamanga, motero kutupa kwa miyendo ndi befu zimachepa. Akachuluka pang'ono chabe, mtima umaima. Posakhalitsa kampani ya Burroughs Wellcome idayamba kugulitsa mankhwala a kombe, ndipo a Mandala ankagula njere kuno ndi kuzitumiza kunja.

Tsono imvani chimene chidavuta pa malondawa. M'tchire muli mitengo ina yapachibale ndi kombe, ya njere zofanana koma mphamvu zosiyana. Njerezi zinkasakanizika m'matumba. Dokotala akapereka madontho amodzimodzi, lero ankachiza, mawa osagwira ntchito, tsiku lina nkupyola muyeso. Ogula adayamba kuyesa njere podula ndi kudonthezera asidi wotchedwa sulphuric: kombe weniweni ankasanduka wobiriwira. Koma madokotala ambiri adaleka kumkhulupirira, ndipo m'kupita kwa nthawi malondawo adazilala. Masiku ano m'zipatala amagwiritsa ntchito mankhwala ena a mtima, monga digoxin, amene muyeso wake ndi wodziwika bwino.

Nkhani yotereyi si ya kuno kokha. M'madera ouma a ku China ndi Mongolia mumamera chitsamba chotchedwa ephedra, chimene eni ake amati ma huang. Kuno kwathu sichimera. Chili ndi timitengo tobiriwira ta mfundomfundo, pafupifupi topanda masamba. Kwa zaka zoposa 2,000 asing'anga a kumeneko akhala akuchiwiritsa pochiza chifuwa ndi mphumu. M'chaka chomwecho cha 1885, Nagai Nagayoshi wa ku Japan adatulutsa m'chitsambachi mankhwala otchedwa ephedrine, ndipo mu 1924 K. K. Chen ndi Carl Schmidt ku Peking adaonetsa m'mene amagwirira ntchito: amatsegula njira za mpweya m'mapapo ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Mpaka lero madokotala amabaya ephedrine woyeza bwino pamene magazi a wodwala atsika pa opaleshoni. Koma anthu atayamba kumwa ephedra mwachisawawa kuti achepetse thupi, ena adamwalira, ndipo mu 2004 boma la America lidaletsa malonda otero.

Kodi tiphunzirapo chiyani?

Choyamba, mphamvu ya mtengo ili mu mankhwala amene ali m'kati mwake, ndipo diso silingayeze. Musayese kutafuna kapena kuwiritsa kombe poti mwamva kuti amachiza mtima. Wina akamatupa miyendo kapena kubanika, mupite naye ku chipatala. Ana oweta mbuzi muwachenjeze kuti asamasewere ndi njere zake.

Chachiwiri, muyeso ndiwo umasiyanitsa mankhwala ndi ulembe. Lamuloli ndi lomwelo popopera thonje. Thirani muyeso umene walembedwa pa botolo, osaonjeza, ndipo musasunge madzi akumwa kapena mchere m'chitini cha mankhwala.

Chachitatu, wogula amalipira chinthu chimene akuchidziwa. Kombe wosakaniza adatayitsa ogula chikhulupiriro, ndipo thonje losakaniza limachitanso chimodzimodzi. Sankhani thonje loyera palokha, lothimbirira palokha. Musathiremo madzi, mchenga kapena miyala. Thumba limodzi loipa limagwetsa mbiri ya msika wonse, ndi mtengo wa anzanu omwe.

Mafunso okambirana pa kalabu yanu:

1. Kodi Dr. Kirk adadziwa bwanji kuti kombe amagwira mtima?
2. N'chifukwa chiyani madokotala adaleka kukhulupirira kombe?
3. Kodi m'mudzi mwanu mumasunga kuti mankhwala a thonje?

Ngati pali agogo amene adatolako kombe kapena kuona alenje akukonza ulembe, aitaneni pa msonkhano adzakufotokozereni.