Mnyamata Wadzitho, Kayezetseni Shuga

Phunziro lino ndi lanu anyamata a matupi akuluakulu amene mumasewera nkhonya kapena kunyamula zitsulo. Ambiri mumati wamasewera sadwala matenda a shuga. Zimenezo si zoona.

Pofuna kuwonjeza thupi, mumadya nsima yambiri ndi tchipisi cha mbatatesi ya ku Lichinga, n'kutsitsira Frozy. Minofu imakuladi, koma mafuta nawo amaunjikana pamimba. Mafutawa amalepheretsa insulini kulowetsa shuga m'minofu. Shugayo amatsalira m'magazi n'kumawononga maso, impso ndi mitsempha pang'onopang'ono, mwiniwake akuthamangabe osamva kanthu.

Yambani kudziyeza pakhomo. Dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pawiri, muchizungulize pamimba chapamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zake zikapanda kukumana, mafuta achuluka, ngakhale anzanu akutameni kuti ndinu chiphona.

Kenako pitani ku Hospital Provincial de Lichinga kapena chipatala cha boma lanu m'mawa, mutatha maola 8 osadya. Amangobaya chala. Shuga akakhala pakati pa 6.1 ndi 6.9 mmol/L, limenelo ndi chenjezo. Akafika 7.0 kapena kupyola pa masiku awiri osiyana, amenewo ndi matenda a shuga. Makina ena amalemba 126 mg/dL m'malo mwa 7.0, choncho funsani anamwino.

Musazengereze ngati mukumva ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi usiku, kapena khungu la kumbuyo kwa khosi lada ngati litsiro losachoka ndi sopo. Ngati bambo kapena mayi anu ali ndi shuga, musadikire n'komwe zizindikirozi.