Penti wa Ekizozi ndi Chifuwa cha Wopopera

Anyamata ambiri ochokera kwa Chadza, Kalolo ndi Chitukula amapita ku Lilongwe kukaphunzira umakaniko m'magalaja a ku Old Town. Ena amalembedwa ntchito m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 43, kumene bwana akamapita ku ofesi ku City Centre amasiya galimoto lina m'manja mwawo. Kawirikawiri ntchito yopopera penti pa ekizozi, paipi ija yotulutsa utsi, imagwera anyamata otere, popeza imaoneka yopepuka.

Ekizozi imatentha kwambiri, ndipo penti wamba amapserera pomwepo. Chifukwa chake pali penti wake wa m'kachitini, amene mitundu yake ina imapirira kutentha kopitirira madigiri 600. Kuti pentiyo akhale wamadzimadzi, amamusakaniza ndi mankhwala ouluka msanga monga toluene ndi xylene. Wopopera akapuma nkhungu yake, mankhwalawo amalowa m'mapapo ndi kufika m'magazi. Mutu umayamba kuwawa, kenaka chizungulire ndi mseru, maso nafiira. Wodwala mphumu amabanika msanga kuposa anzake.

Kansalu komanga pamphuno kamatchinga timadontho tina chabe. Mpweya wa mankhwalawo umadutsa. Chimene chimathandiza ndi chophimba mphuno chokhala ndi sefa ya makala, ndiponso kugwirira ntchitoyo pabwalo, mphepo ikuchokera kumbuyo kwa wopopera. Pali mwambo m'magalaja wakuti munthu akatha kupopera amwe mkaka kuti atsuke chifuwa. Mkaka ndi chakudya chabwino ndithu, koma umapita m'mimba, sufika m'mapapo.

Ngozi yaikulu imadza ntchito itaoneka ngati yatha. Penti ameneyu salimba kufikira atawotchedwa, kotero makaniko amaliza injini kuti ekizozi itenthe, ndipo pentiyo amafuka utsi wonunkha. Utsi wonunkhawo munthu amauthawa yekha. Koma injini imatulutsanso mpweya wa carbon monoxide, womwe uja wochokera pa mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umakanirira m'magazi kuposa mpweya wabwino nthawi zoposa 200. Pankhani imeneyi galaja yokongola ya ku Area 43, ya makoma anayi ndi chitseko, ndiyo yoopsa kuposa kashedi kapululu ka ku Malangalanga. Mnyamata wotseka chitseko poopa fumbi pa penti wamuwisi angathe kugona osadzukanso.

Penti amaletsa dzimbiri, koma satseka chiboo. Ekizozi yobooka iyenera kuwotcheredwa kapena kusinthidwa, chifukwa utsi wake umalowa pansi pa galimoto ndi kufikira okwera, makamaka ana okhala kumbuyo. Kachitini kotha kasaponyedwe pamoto wa zinyalala, pakuti kamaphulika.

Munthu akafooka pa ntchito yotere, atulutsidwe panja msanga, injini izimitsidwe, ndipo wokomoka asamwetsedwe kanthu. Apite naye ku chipatala chapafupi, monga cha Bwaila kapena cha Kamuzu Central, atanyamula kachitini komwe. Mnyamata wobwera kumudzi akudandaula mutu wosatha afotokoze ntchito yake kwa a chipatala, popeza zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za malungo, ndipo ena amamwa mankhwala a malungo pachabe.