DNA Yodzipinda Imene Imamata Maselo a Khansa

Anzanga a Biology, m'kalasi timajambula DNA ngati makwerero opotana a zingwe ziwiri, monga anafotokozera Watson ndi Crick mu 1953. A amagwirana ndi T, G amagwirana ndi C. Komatu DNA siikhala choncho nthawi zonse.

Chingwe chikakhala chokha, chili ndi ma G ambiri, chimadzipinda. Ma G anayi amagwirana n'kupanga kabwalo ka ngodya zinayi. Timabwaloti timasanjikizana ngati mbale, ndipo potaziyamu amakhala pakati kuti tisaphwasuke. Mpindidwe umenewu umatchedwa G-quadruplex. Mu 2013, gulu la Shankar Balasubramanian ku Cambridge linaonetsa kuti umapezekanso m'maselo a munthu.

Nanga kupinda kuli ndi ntchito yanji? Taganizirani galimoto yawaya. Waya ndi yemweyo, koma gudumu limayenda chifukwa cha mmene mwaupindira. DNA nayonso, ikapindika bwino, imakwana pa puloteni ina ngati kiyi pa loko.

Chitsanzo ndi AS1411, kachingwe ka zilembo 26 zokha, ma G ndi ma T basi, kamene anakatulukira ku America. Kakadzipinda, kamamata puloteni yotchedwa nucleolin, imene imachuluka pamwamba pa maselo ambiri a khansa kuposa pa maselo abwinobwino. Mpindidwewo umakatetezanso ku ma enzyme a m'magazi amene amadula DNA yongotambalala.

Koma tisathamange. AS1411 sinafike pokhala mankhwala a m'chipatala. Ataiyesa pa odwala khansa ya impso 35, chotupa chinachepa kwambiri pa munthu mmodzi yekha. Vuto lina ndi loti kachingwe kamodzimodziko kamatha kudzipinda m'njira zingapo, kutengera madzi ndi mchere umene kalimo. Tsono ofufuza ayenera kudziwa kuti mpindidwe wogwira ntchito ndi uti, ndiponso angatani kuti tizingwe tonse tizipindika chimodzimodzi. Popanda zimenezi, wodwala sangadziwe kuti chimene walandira chigwira kapena ayi.

Choti tisunge pa phunziroli: mu selo, kudziwa zilembo pakokha sikukwanira, tiyenera kudziwanso maonekedwe. Ndi zomwezija timaphunzira pa ma enzyme, kuti akatenthedwa amataya maonekedwe n'kuleka kugwira ntchito.

Funso la sabata ino: potaziyamu atachotsedwa, G-quadruplex ingatani, ndipo ingamatebe nucleolin? Lembani yankho pakapepala, mubwere nalo ku kalabu ya sayansi.