Beseni losefera golide: lidziweni musananyamuke

Tiyi akachepa m'minda nthawi ya chilimwe, ganyu wothyola amachepanso. Apa m'pamene anyamata ena a kuno ku Thyolo mumayamba kukamba za ku Makanjira ku Mangochi, kapena kuchigwa cha Lisungwe ku Neno, komwe anthu amasefa golide. Musanagulitse mbuzi kuti mupeze yokwerera, dziwani kaye chida ichi.

Ndi beseni losazama, lotambalala kukamwa, lachitsulo kapena lapulasitiki. Limagwira ntchito ngati lichero: chopepuka chimachoka, cholemera chimatsala. Golide amalemera kuposa madzi ka 19, pomwe mchenga wamba sufika n'katatu komwe.

Nanga golideyo amafika bwanji mumtsinje? Kalekale, pansi penipeni pa dziko, madzi otentha kwambiri ankasungunula golide m'miyala n'kukwera naye m'ming'alu. Atazizira, anamusiya m'ming'alumo pamodzi ndi mwala woyera uja wolimba, wotchedwa quartz. Mvula ndi dzuwa zakhala zikufumbutsa miyalayo kwa zaka mamiliyoni, madzi n'kumakokolola timibulu take. Poti ndi wolemera, sapita kutali. Amakhazikika pokhota mtsinje, kuseri kwa miyala ikuluikulu, ndi m'ming'alu ya thanthwe la pansi pa mchenga. Kumtunda kukapanda miyala ya golide, ngakhale musefe mpaka msana kuwawa simupeza kanthu.

Tapani mchenga wa pansi, osati wa pamwamba. Mizani beseni m'madzi, phwanyani zibuma ndi zala, tayani miyala. Ligwedezeni kuti zolemera zitsike, kenako lipendekeni pang'ono madzi achotse zapamwamba. Bwerezani modekha. Pamapeto pamatsala mchenga wakuda, ndipo golide, ngati alipo, amaoneka mmenemo.

Pali zonyezimira zina zimene zapusitsa ambiri. Timapepala tonyezimira timene timaonekanso m'timitsinje ta kuno timayandama mukagwedeza madzi. Mwala wina wachikasu, pyrite, umanyenyeka mukaumenya ndi hamala. Golide weniweni amangophwatalala.

Chonde, mekyule, amene ena amagwiritsa ntchito potolera golide, musamukhudze. Utsi wake umawononga ubongo ndi impso, ndipo akalowa mumtsinje amafika m'nsomba zimene ana anu amadya. Musakumbenso magombe a Nswadzi kapena Thuchila, kapena m'malo a esiteti; madzi amenewo ndi omwe timamwa. Kusefa golide kumafuna chiphaso cha boma, ndipo kuyambira 2021 Reserve Bank of Malawi imagula golide wa anthu osefa kudzera ku Export Development Fund.