Injini Ikamatentha Itangochoka kwa Makaniko

Mu October wapitayu, mmodzi wa ophunzira athu akale anandiimbira foni ataima m'mbali mwa Chilumbulu Road ku Chilenje. Mu Toyota Hiace yake yakale munali mabokosi a matimati, ndipo dzuwa linali kuwawononga. Sabata yomweyo makaniko anali atasintha pampu ya madzi ndi themositati, koma muvi wa geji unayamba kukwera kuposa kale. Ichi chimachitika kawirikawiri. Musathamangire kugula radiyeta ina. Fufuzani mwa dongosolo ili, kuyambira pa zosadya ndalama.

Chenjezo: musatsegule chitsekero cha radiyeta injini ili yotentha. Madzi amatumphuka n'kuwotcha nkhope.

1. Mpweya wotsekeredwa. Madzi akakhetsedwa n'kuthiridwanso, mpweya umatsalira m'mutu wa injini ndi m'mapaipi a hita, ndipo madzi sayenda bwino. Injini itazizira, imitsani galimoto pamtunda, kutsogolo kuli kokwera. Chotsani chitsekero, ikani hita pa kutentha kwambiri, lizani injini, ndipo onjezerani madzi pang'onopang'ono kufikira thovu litatha. Vuto la mnzathuyu linali lomweli. Malo a mpweyawo analowamo madzi oposa lita imodzi.

2. Themositati. M'mainjini ambiri a Toyota imatseguka pa madigiri pafupifupi 82. Ngati paipi yakumwamba yatentha kwambiri koma yakumunsi ikadali yozizira, themositati sikutseguka kapena radiyeta yatsekeka. Iyeseni mu mphika wa madzi pamoto: iyenera kutseguka madzi asanawire. Poibwezera, kabowo kake kotulutsira mpweya kakhale kumwamba. Musaichotseretu monga ena amalangizira, pakuti injini yoyenda yozizira imadya mafuta ndi kutha msanga.

3. Chitsekero. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, motero kuno madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96. Chitsekero chabwino chimasunga mphamvu ya mpweya m'kati kuti madzi asawire msanga. Labala yake ikang'ambika, gulani china cha nambala yofanana ndi chakale, kaya 0.9 kapena 1.1.

4. Fani ndi lamba. Ngati muvi ukwera mukaima mumzere wa magalimoto, koma utsika mukamathamanga, mphepo ndiyo ikuperewera. Onani ngati lamba wamangidwa bwino, ndi ngati chikhokho chozungulira fani chinabwezedwa.

5. Geji. Ngati kachipangizo koyezera kutentha kanasinthidwa, katsopanoko kangathe kusonyeza zosiyana. Yezani ndi chipangizo china musanaiweruze injini.

6. Gasiketi ya mutu. Thovu losatha, madzi ochepa m'mawa uliwonse, utsi woyera ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndi zizindikiro zake. Mukaziona, musayendetsenso galimoto. Mutu ukapindika, phindu la nyengo yonse lithera pamenepo.

Kumbukiraninso kuti madzi a m'mijigo ya ku Lusaka ali ndi laimu wambiri, amene amatseka timapaipi ta radiyeta. Sakanizani coolant ndi madzi osungunulidwa, monga mwalembedwera pa botolo.

Galimoto ya pafamu ndi chuma chimene Mulungu watiikiza, monganso nthaka ndi ng'ombe. Ikachoka kwa makaniko, iyeseni yopanda katundu, ndipo m'mawa mwake muonenso madzi, musanaisenzetse zokolola zanu.